Chizungu chothyoka ndi apolisi a galamala: mayinawa akuti chiyani za ife?

Nachisale: Abale anga, mundilole ndibweretse nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mng'ono wanga analemba dzulo pagulu la anthu a m'dera lathu kudandaula za madzi. Mpopi wathu wauma, ino ndi sabata yachitatu, amayi akudzuka m'bandakucha kukatunga kuchitsime cha kudambo. Mwanayo analemba m'Chizungu poganiza kuti akuluakulu omwe ali pagulupo amumvera msanga. Penapake analemba kuti "we are suffer". Basitu. Anthu anaisiya nkhani ya madzi n'kukakamira pa mawu amenewo. Wina anati "buroken yeniyeni iyi", wina anati mfumukazi ya ku Mangalande ikanakhala moyo ikanalira, wina sananene kanthu, anangoika kanyenyezi n'kulemba mawu olondola. Pofika madzulo mwana uja anali atafufuta uthenga wake n'kutuluka pagulu. Madzi sanabwerebe. Ndiye ndikufunsa, mayina onse omwe timapatsa Chizungu cholakwika, ndi omwe timapatsa anthu okonza anzawo, timawatenga kuti ndipo amatithandiza chiyani?

Braz wa ku Ndirande: Pepani kwambiri asisi. Mayinawo ndiye alipo mbwee. Buroken, Chizungu chothyoka, Chizungu cha pamsika, Chizungu cha sitandade 2. Ukalakwitsa koopsa amati wachipha Chizungu. Okonza anzawo ife timawati ahedi, apulofesa, kapena wina amangolemba kuti "a MANEB afika ndi bolopeni yofiira". La apolisi a galamala lija anyamata analitengera kunja kudzera pa Facebook.

Nachisale: Nanga la munthu wolemba Chichewa cholakwika ndi liti, achimwene?

Braz wa ku Ndirande: Mwandigwira pamenepo. Ndaganiza koma sindikulipeza. Mwina kungoti Chichewa chothyoka, koma amanenera alendo, osati ife eni ake.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga Nachisale, funso lako lachiwiri ndi lomwe lafika pamtima pa nkhani. Ndaphunzitsa Chichewa, makamaka malamulo a chiyankhulo, zaka zoposa 30, ndipo sindinaonepo mwana akubisa nkhope chifukwa walemba "athu" m'malo mwa "anthu". Koma wolakwitsa Chingerezi ndinamuona akulira, wina mpaka kusiya sukulu. Taonaninso mawu omwe timagwiritsa ntchito. Munthu wodziwa timati amathyakula Chizungu, kumeneko ndi kumutamanda. Wosadziwa timati Chizungu chake ndi chothyoka, ngati mwendo. Wodziwa kwambiri timamunena kuti akuyankhulira m'mphuno, kumuseka komweko tikumusirira. Chichewa chilibe mayina oterewa chifukwa palibe amene anamanidwapo ntchito kapena satifiketi kaamba ka icho. Manyazi amatsata komwe kuli chakudya.

Ndipo zambiri zomwe mumasekazo zili ndi gwero lake, si uchitsiru. M'Chichewa "l" ndi "r" ndi liwu limodzi. Lamulo la kalembedwe limangoti "r" abwere patsogolo pa "i" ndi "e", monga kulira, kulera, ndipo "l" abwere kwina konseko, monga kulola, kukula. Ndiye munthu wokulira m'Chichewa akati "play" pofuna kunena "pray", khutu lake silinalakwe, likumva momwe linaphunzirira. Chimodzimodzi "he" ndi "she". Ife tili ndi "iye" mmodzi, mwamuna kapena mkazi.

Mayi a Tadala: Aphunzitsi, pa "he" ndi "she" mwandikhudza. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leeds. Mwezi wanga woyamba ndinalemba lipoti la usiku la agogo ena aakazi, ndipo monsemo ndinalemba "he". M'mawa bwana wathu anandiitanira kukhitchini, anatseka chitseko, anandithirira tiyi, kenako n'kundionetsa pepalalo ndi chala. Anati chipinda choyandikana nacho muli agogo aamuna a dzina lofanana, ndipo wopereka mankhwala akanatha kusokoneza. Ndinamva manyazi, koma ndinamvetsa. Kuyambira tsiku lomwelo ndimawerenga lipoti kawiri ndisanasainire. Mayi ameneyo anandikonza, koma sindingamutchule kuti wapolisi. Wapolisi wa galamala ndi uja amakukonzera pamaso pa anthu kuti anthu aone iyeyo.

Mayina oterewa ali paliponse. Anzanga a ku Nigeria munthu akaphonya Chizungu amati "gbagaun". A ku Kenya akamva wina wasokoneza "l" ndi "r" amati wachita "shrub". Azungu eni ake ali ndi "grammar police" ndi lina loti "grammar Nazi". Lachiwirili ine sindilifuna n'komwe pakamwa panga. Chipani cha Nazi chinapha Ayuda 6 miliyoni, si dzina loti tiziseweretsa pa munthu wokonza mawu. Chomwe chinandidabwitsa ndi chakuti eni chiyankhulo kuno amanena "we was" ndi "you was" tsiku lonse, mubasi, m'sitolo, palibe owaseka. Ife ndi amene timasekana.

Mlembi wa Gulu: Ine ndiima nawo okonza anzawo, ngakhale ndikudziwa kuti mundiukira. Chaka chatha tinali ndi ukwati wa mphwanga. Wapampando wa komiti ya zakudya analemba pagulu la ukwati kuti: "Nkhuku zafika, anyamata adziphe m'mawa." Amatanthauza kuti aziphe, nkhukuzo. Koma momwe analembera, ndiye kuti anyamatawo achotse moyo wawo. Azakhali ena okhala kutali, omwe mwana wawo anamwalira mwa njira imeneyo, anaimba foni akunjenjemera. Kachilembo kamodzi, "d". Anthu ambiri tsopano sakusiyanitsa -zi- ndi -dzi-. Mumva "ndidzipita", "tidzionana", "dzikomo", "kuthandidza", mpaka pa zikwangwani ndi pa wailesi. Tikakhala chete tonse poopa kutchedwa ahedi, ana athu adzalemba chiyani?

Aphunzitsi Opuma: Alembi mwanena zoona. Kudzikonda ndi kukonda iwe mwini, kuzikonda ndi kukonda zinthuzo. Tanthauzo likasintha, kukonza ndi chifundo. Koma "we are suffer" ya mwana uja panalibe yemwe sanaimve. Aliyense anadziwa kuti anthu akuvutika.

Mlembi wa Gulu: Komabe aphunzitsi, mwanayo mawa akalemba kalata yofunsira ntchito ndi "we are suffer" yomweyo, ndani amuuze? Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE suiona, ngakhale utakhoza masamu ndi sayansi yonse. Malamulo a dziko lino, gawo 51, amati phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Chitseko chilichonse chili ndi loko wa Chizungu. Kumunamiza kuti zilibe kanthu ndiye kumupha.

Nachisale: Alembi, sindikukana kuti aphunzire. Mwanayo analekezera Fomu 2 bambo atamwalira, ndipo Chizungu chomwe ali nachocho anachitola yekha pogulitsa kaunjika. Akanamutumizira uthenga kumbali ndikanathokoza. Koma mwa anthu onse omwe anamuseka, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa kuti mpopiwo uli pati. Ndipo mmodzi wa oseka kwambiriwo ndi munthu amene amayenera kuyankha za madziwo. Kuseka kunamupulumutsa ku funso.

Braz wa ku Ndirande: Apo ndiye mwalasa asisi. Pa Facebook ndimaziona daily. Munthu akafunsa za ndalama za chitukuko, wogonja mkangano amathawira ku sipelo. "Kaphunzire kaye kulemba." Nkhani yathera pomwepo.

Mwana wa ku Rumphi: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma mawu akuti Chichewa chilibe apolisi sindigwirizana nawo. Kwa inu obadwira m'Chichewa mwina alibe. Ife a kumpoto tinawaona. Ndinasankhidwa kupita kusekondale ina yogonera komweko m'chigawo cha kummwera ndili ndi zaka 14. Usiku woyamba kuholo yodyera ndinafunsa mnzanga kuti "vinthu ivi n'vandani?" Tebulo lonse linafa ndi phwete. Kuyambira pamenepo dzina langa linali Vinthu, zaka zinayi zathunthu, mpaka aphunzitsi ena ankandiitana choncho. Ndinatha teremu yonse ndikuyankhula ndi mutu, kugwedeza kapena kupukusa. Lero Chichewa ndimachilemba bwino kuposa ambiri omwe ankandisekawo, koma ndikamva "Chichewa cha akumpoto" mtima umandipwetekabe. Anzathu a ku Mangochi nawo amasekedwa ndi "sikomo" wawo. Kumbukirani kuti mu 1968, pomwe Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC ndi m'sukulu. Chinabwereranso pa wailesi mu 1994. Makolo athu sanasankhe kuyankhula Chichewa chothyoka, anakakamizidwa kuyankhula chiyankhulo chachiwiri kenako n'kusekedwa nacho.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, ndavomera, ndinayankhula ngati Mchewa wa ku Dedza yemwe sanalaweko zimenezo. Pepa. Ndipo wandikumbutsa kuti wokonza chiyankhulo wamkulu m'mbiri ya dziko lino anali Kamuzu mwini. Achinyamata simunazione izi. Pamsonkhano iye ankayankhula Chingerezi, womasulira n'kumaika m'Chichewa. A John Msonthi anagwirapo ntchito imeneyo, a John Tembo nawonso. Womasulira akatchula mawu omwe Ngwazi sinawakonde, inkamudula pomwepo pamaso pa chinamtindi cha anthu n'kumuuza mawu oyenera. Ife tinkamvera pa wailesi titakhala pakhonde, ndipo mawu omwe akonzedwa tsiku limenelo, mawa lake aphunzitsi tonse tinkawatsatira.

Munthuyu anachoka kwawo ali mnyamata n'kubwerera mu 1958 patadutsa zaka zoposa 40. Ali ku Chicago ndi iye amene anathandiza katswiri wa ziyankhulo Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chichewa yomwe inatuluka mu 1937. Ndiye Chichewa chomwe ankachitcha chenicheni chinali cha ku Kasungu cha ubwana wake. Dzina lakuti Chinyanja linasinthidwa kukhala Chichewa mu 1968, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973. Panali pulogalamu ya Tiphunzitsane Chichewa pa MBC yomwe inkatiuza zolondola ndi zolakwika. N'chifukwa chake anthu a msinkhu wanga munthu akakukonza Chichewa timati "a Chichewa Board afika". Bungwelo linatha ulamuliro utasintha, ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, koma dzinalo linatsala pakamwa pathu.

Chomwe chimandiwawa ine ndi ichi: yemweyo wokonza Chichewa chathu atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, Chichewa ayi. Uthenga tinaumva tonse. Chichewa n'choti uchilemekeze, koma chokweza munthu ndi china.

Mayi a Tadala: Aphunzitsi, nanga kachikwangwani kaja? Kusukulu kwathu ukagwidwa ukuyankhula "vernacular" ankakupachika kathabwa m'khosi, ndipo umayenera kusaka mnzako wina woyankhula Chichewa kuti umupatsire. Wotsala nako madzulo ankapatsidwa chikwanje kukatchetcha bwalo. Tinaphunzira kuzondana tokhatokha tili ana. Ndikaona kanyenyezi kaja pa WhatsApp ndimakumbuka kathabwa kameneko, munthu akufuna kukachotsa pakhosi pake kuti akapachike pa mnzake.

Aphunzitsi Opuma: Ndinakaonapo, mayi, ndipo ndinali m'gulu la aphunzitsi omwe sitinakatsutse. Ndimanong'oneza bondo mpaka lero. Ana omwe ankatchetcha kwambiri anali a kumudzi, osauka, omwe kwawo kunalibe wailesi kapena buku.

Wa ku Joni: Moni nonse. Ine ndikufuna muone komwe nkhani yoseka kayankhulidwe imatha kufika. Agogo anga anabwera kuno ndi Wenela kudzagwira ntchito m'migodi. Pansi pa mgodi ankayankhula Fanakalo, ku Zimbabwe amati Chilapalapa, chiyankhulo chosakaniza chomwe bwana ankalamulira nacho antchito. Atabwerera kumudzi, mwana akayankhula zosamveka ankamuti "usandiyankhulire Chilapalapa". Ndiye dzina limenelo muliwonjezere pa mndandanda wanu, Braz.

Koma kuno ku Johannesburg kulakwitsa chiyankhulo si nkhani ya phwete. Dzina lomwe amatinyozera nalo, makwerekwere, anthu amati linachokera pa momwe kuyankhula kwathu kumamvekera m'makutu mwawo. Pa zipolowe za mu Meyi 2008, pomwe anthu 62 anaphedwa, magulu ena ankaimitsa munthu, kumulozera chigongono n'kumufunsa dzina lake m'Chizulu. Mawu ake ndi "indololwane". Ukakakamira, basi wadziwika kuti ndiwe mlendo. Ine ndinali ndisanabwere nthawi imeneyo, koma amene anandilandira mawu amenewo ndi omwe anayamba kundiphunzitsa, ndisanadziwe ngakhale kugula buledi. Mpaka lero m'takisi ndimayankhula pang'ono zedi. Ndikaona Amalawi tikusekana tokha pa chilembo, ndimangoti anthuwa sanayesedwepo ndi chigongono.

Nachisale: Achimwene, thupi langa lachita tsembwe. Mulungu azikusungani kumeneko.

Msungwana wa ku Chipata: Kwathu ku Zambia zinatembenuka. Ine ndinakulira ku Chipata, Chichewa changa n'chofanana ndi cha ku Mchinji. Nditafika ku Lusaka ndinati "ndikufuna madzi", anzanga anaseka kuti ndikuyankhula "deep Nyanja", ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Kumeneko amati "nifuna manzi". Ndikabwerera kumudzi n'kuyiwala kusintha, agogo amandidzudzula kuti Chinyanja cha m'tauni ndichisiye pa siteshoni. Ndiye cholondola ndi chiti? Kulikonse ndimapeza ahedi ondidikirira.

Braz wa ku Ndirande: Ndi zomwe ndimafuna kunena. Madala ambiri akamva ife tikuyankhula Chibrazi, kayankhulidwe kathu ka achinyamata a m'tauni, amati tikuwononga Chichewa. Koma Chibrazi si kulakwitsa. "Bho", "shapu", "dolo", "ndili nayo plan", zonsezo timazisankha dala, ndipo zili ndi malo ake. Ndikapita kwa agogo ku Thyolo sindinganene "bho madala", ndimagwada n'kupereka moni wabwinobwino. Komanso ukabwera pa siteji ya minibasi n'kugwiritsa mawu omwe anatha kalekale, anyamata akuseka momwemonso amasekera buroken. Nafenso tili ndi apolisi athu.

Mlembi wa Gulu: Chibrazi pakamwa ndilibe nacho vuto, mphwanga. Vuto langa ndi "xool", "kma", "nde", "mkz" m'kalata ya kwa amfumu. Ndinalandirapo kalata yopempha malo a manda yolembedwa choncho. Komanso pali chatsopano chomwe simunachitchule: Chichewa cha Google. Chiyambire 2014 pomwe Google Translate inaika Chichewa, mabungwe ena amangoponya Chingerezi m'makina n'kusindikiza zomwe zatuluka. Ndinaona chikalata cha uthenga wa zaumoyo chomwe mawu ake onse anali Achichewa koma mayi anga atawerenga anandifunsa kuti akuti chiyani. Amenewo ndiye ofunika kuwadzudzula pagulu, chifukwa analandira ndalama kuti uthenga ufike kwa anthu.

Aphunzitsi Opuma: Pamenepo tili limodzi, alembi. Wolemba chikwangwani cha boma, mtolankhani, wowerenga nkhani, wosindikiza buku la ana, amenewo bolopeni yofiira iwapeze, ndi ntchito yawo. Ine ndimawalembera makalata mpaka pano. Koma taonani komwe bolopeni yathu imathamangira. Imasiya amphamvu n'kukagwera mtsikana wa kaunjika. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere ndinaphunzitsapo ana oposa 100 pansi pa mtengo wa mango, buku limodzi ana khumi. Ambiri mwa omwe mukuwaseka lero anadutsa m'makalasi otero. Chizungu chawocho ndi chomwe dziko linawapatsa.

Mwana wa ku Rumphi: Ndipo amene anandiphunzitsa Chichewa chenicheni sanali mwa oseka aja. Anali mayi wina wophika kukhitchini ya sukulu. Ndikamathandiza kutsuka mapoto ankangobwereza zomwe ndanena m'njira yolondola, ngati akungocheza. Ndikati "vakudya vapsa", iye amati "eya mwanawe, zakudya zapsa", n'kupitiriza kupalasa moto. Sanandiuzepo kuti ndalakwa. Patatha chaka ndinazindikira kuti ankandiphunzitsa.

Mlembi wa Gulu: Ameneyo ndiye tingamutche dzina lanji? Pa mayina onse omwe Braz watchula palibe lomuyenera.

Mayi a Tadala: Kwathu tikanangoti anali mayi.

Nachisale: Ndangomaliza kuyankhula ndi mng'ono wanga. Ndamuwerengera zina mwa zomwe mwalemba, makamaka za achimwene a ku Rumphi. Pagulu lija wakana kubwererapo. Koma akuti akufuna kulemba kalata yeniyeni yopita kwa a zamadzi ndi kwa khansala, anthu a m'dera asainire. Akufunsa ngati kulemba m'Chichewa kungachititse kuti aiponye pambali.

Aphunzitsi Opuma: Alembe m'Chichewa, mwana wanga, momwe angafotokozere kwa amayi ake. Oilandirawo ndi Amalawi, amva. Ngati akufuna, ine ndilemba ina ya Chingerezi yoti aiphatikize, ziwiri zipite pamodzi. Anditumizire kumbali, osati pagulu pano. Aikemo tsiku lomwe mpopi unauma, mabanja angati amatunga pamenepo, mtunda wa kuchitsime cha kudambo, komanso ngati pali ana omwe atsegula m'mimba chiyambire kumwa madzi amenewo.

Mlembi wa Gulu: Kusindikiza ndi mapepala osainira zili kwa ine. Nachisale, mundiuze masamba angati.

Nachisale: Zikomo aphunzitsi, zikomo alembi. Mabanja ndi ambiri, tiwerenga mawa pochokera kutchalitchi. Za ana otsegula m'mimba ndikudziwapo awiri a nyumba yoyandikana nafe, enawo ndifunsa amayi usiku uno.